Mbalame za panyanja pa tsiku la mwera

Anthu ambiri amene amabwera ku Mangochi kudzaona nyanja amalakalaka tsiku la bata, pamene madzi ali phee ndipo mapiri a kutsidya cha ku Malindi akuoneka bwino lomwe. Inenso nyanja ya tsiku lotero ndimaikonda, koma pa nkhani ya mbalame ndinafika pokhulupirira kuti tsiku la mphepo ndi limene limaphunzitsa zambiri. Kukakhala bata, mbalame iliyonse imapeza chakudya popanda vuto lalikulu, ndipo munthu woyang'ana sangazindikire chifukwa chake ina ili ndi mapiko ataliatali, ina thupi lolemera, ina mlomo wosongoka. Mphepo ikakula mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda, m'pamene kapangidwe ka mbalame iliyonse kamaonekera poyera, chifukwa ina imapitiriza ntchito yake mosatekeseka, ina imasintha njira yopezera chakudya, ndipo ina imangokhala pamtengo ndi njala yake kudikira kuti nyanja ikhale pansi.

Mphepo za panyanja ya Malawi zili ndi mayina ake, ndipo mwana wokulira padoko amazisiyanitsa asanayambe n'komwe sukulu. Mwera ndi mphepo yozizira yochokera kummwera chakum'mawa, imene imayamba cha m'mwezi wa Meyi n'kupitirira mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ndipo ukagwira umatha kuwomba masiku angapo motsatizana kumwamba kulibe ndi kamtambo ka mvula komwe. Mpoto ndi wa m'dzinja, ndipo kawirikawiri umabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi mabingu ndi ziphaliwali. Palinso mphepo ya vuma yochokera kum'mawa ndi ya zambwe yochokera kumadzulo, koma mwera ndi mpoto ndi zimene zimalamulira moyo wa pagombe. Kukula kwa mafunde sikudalira mphamvu ya mphepo yokha, kumadaliranso kutalika kwa madzi amene mphepoyo yadutsa isanafike pamene munthu waima. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 550 kuchokera kumpoto kudzafika kuno kumene mtsinje wa Shire umatulukira, choncho mwera umayambira kwathu kuno n'kumakulira kutsogolo cha ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, pamene mpoto umatipeza ife a ku Mangochi utayenda kale mtunda wautali ndipo utaunjika mafunde aakulu. Ngakhale zili choncho, mwera wa m'Julayi si wocheza nawo ngakhale kuno, makamaka munthu akapitirira Nkopola kulowera ku Nkhudzi ndi ku Monkey Bay, kumene nyanja imayamba kutambalala.

Gombe limene ndimakonda kupitako lili cha ku Nkopola, m'mbali mwa msewu wochokera ku Mangochi Boma kupita ku Monkey Bay. Magombe a mbali imeneyi anayang'ana kum'mawa, motero m'mawa dzuwa limathobwa m'maso ndipo mbalame zonse zimangooneka zakuda, pamene masana dzuwa likapendeka kuwala kumachokera kumbuyo kwa munthu ndipo mitundu ya nthenga imaoneka bwino. Ndimafunafuna malo okwererapo pang'ono, potsamira mwala waukulu kapena boti limene lakokeredwa kumtunda, kuti mphepo isamandigwedeze manja pamene ndagwira magalasi oonera kutali, komanso kuti mchenga wouluka usalowe m'magalasiwo. Munthu amene alibe magalasi asagwe mphwayi, chifukwa ubwino wina wa tsiku la mphepo ndi wakuti mbalame zambiri zimasendera kufupi ndi mtunda, ndipo maso okha amakwanira kuona zochuluka. Chofunika kwambiri ndi jekete lochindikala ndi kuleza mtima, popeza kuzizira kwa mwera kumalowa m'thupi pang'onopang'ono mpaka munthu kuyamba kuganiza zobwerera kunyumba zinthu zisanayambe n'komwe kuchitika.

Mbalame imene imandichititsa chidwi koposa pa tsiku lotero ndi mphipi. Kuchokera pagombe limeneli kumaoneka chilumba cha Boadzulu, chimene ndi mbali ya Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Miyala ya pachilumbachi imaoneka yoyera kuchokera kutali chifukwa cha zitosi za mphipi zikwizikwi zimene zimagona ndi kumanga zisa pamenepo. Izi ndi mphipi zazikulu za chifuwa choyera, zosiyana ndi zazing'ono zakuda za mchira wautali zimene timazipeza m'bango ndi pamiyala ya m'mbali mwa Shire. M'mawa zimachoka pachilumba kupita kokasaka nsomba, madzulo n'kubwerera m'mizere italiitali, ndipo ngakhale mwera utakula chotani ulendo umenewu sulephereka kawirikawiri, chimene chimasintha ndi kaulukidwe kake.

Kukakhala bata, mizere ya mphipi imatha kukwera m'mwamba ndithu, koma zikamalimbana ndi mphepo zimatsika mpaka mapiko kutsala pang'ono kukhudza madzi. Chifukwa chake n'chakuti mphepo imachepa mphamvu pafupi ndi madzi, popeza mafunde amaikoka ndi kuichedwetsa, ndipo mbalame yolemera imene imauluka ndi mphamvu ya mapiko okha imapulumutsa nyonga zambiri ikadutsa m'munsimo. Munthu woyang'ana kuchokera pagombe amaona mzere wonse ukubisika kuseri kwa funde, kenaka n'kutulukiranso, mbalame iliyonse ikutsata inzake mosaphonya, ndipo amatha kuona ndi maso ake kuti zimene zikupita kummwera zikuyenda movutikira pamene zobwerera kumpoto zikudutsa mwaliwiro lodabwitsa. Zikafika pamene pali nsomba zimatera pamadzi, thupi lonse litamira kungotsala khosi ndi mutu, kenaka n'kumira mwakamodzi. Pansi pa madzi mphepo kulibe, ndipo apa m'pamene pagona mwayi wa mphipi, chifukwa imathamangitsa nsomba mkati mwa madzi popalasa ndi mapazi ake okhala ndi chikopa pakati pa zala, kotero kuti chipwirikiti cha pamwamba sichiisokoneza kwambiri.

Mtengo wa luso limeneli imaulipira ikatuluka m'madzi. Nthenga za mphipi zimalowa madzi kusiyana ndi za bakha, ndipo zimenezi zimaithandiza kumira mosavuta, koma zimachititsanso kuti izizidwe ndi kulemedwa ikamaliza kusaka. N'chifukwa chake timaiona itakhala pamwala itatambasula mapiko kuti aume. Pa tsiku la mwera miyala yambiri yotsika imakhala ikumenyedwa ndi mafunde, choncho mphipi zimaunjikana pamiyala yochepa yotalika, zikulimbirana malo a mbali imene mphepo sikufika, ndipo zina zimangotambasula mapiko pang'ono poopa kukankhidwa. Munthu akaona zimenezi amamvetsa chifukwa chake chilumba ngati Boadzulu, chokhala ndi miyala italiitali komanso chopanda midzi, n'chofunika kwambiri pa moyo wa mbalamezi.

Nkhwazi ndiye nkhani yake ndi yosiyana. Tonse timaidziwa ngati mfumu ya mbalame za panyanja, ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo kulira kwake, pamene imaponya mutu kumbuyo, palibe wa m'mbali mwa nyanja amene sakudziwa. Yaikazi imaposa yaimuna kukula, ndipo mapiko ake akatambasuka amapitirira mamita awiri. Komatu ukulu wonsewu umadalira chinthu chimodzi, kuti ione nsomba ili pafupi ndi pamwamba pa madzi. Nkhwazi simira, imangotsika mopendekera n'kutola nsomba ndi zikhadabo, mapazi okha ndi amene amanyowa, ndipo ikagwira nsomba yolemera kuposa mphamvu zake imakakamizika kuikoka pamadzi popalasa ndi mapiko mpaka kumtunda. Mwera ukavundula nyanja, pamwamba pa madzi pamadzaza thovu, m'mbali mwa gombe madzi amada ndi mchenga, ndipo nsomba zimatsikira pansi. Pa tsiku lotero nkhwazi imatha maola ambiri ili pamtengo wa mlambe kapena mkuyu, itayang'ana kumene mphepo ikuchokera, nthenga zitathinana ndi thupi.

Chimene chimandikhudza n'chakuti miyezi ya mwera ndi imenenso nkhwazi zambiri zimakhala ndi mazira kapena anapiye m'zisa zawo zazikulu za timitengo, choncho kukhala chete kumeneku si kupumula ayi, ndi kudikira kwa kholo limene lili ndi ana ofuna kudya. Mphepo ikapitirira, nkhwazi imatembenukira ku njira zina. Imayendera m'mbali mwa gombe kutola nsomba zakufa zimene mafunde ataya, imazemberera tiana ta mbalame zina, ndipo koposa zonse imalanda. Ndaonapo nkhwazi ikudikira mbalame ina kuti ivuule nsomba, kenaka n'kuitsikira mwaukali mpaka mwini wake kuitaya. Alendo amene amapita ku Cape Maclear amaona nkhwazi ikubwera anyamata a maboti akaiimbira likhweru ndi kuiponyera nsomba pafupi ndi chilumba cha Thumbi, ndipo chithunzi chimenecho n'chokongola ndithu, koma nkhwazi imene ine ndimaidziwa bwino ndi iyi ya m'Julayi, yofunafuna chakudya m'njira iliyonse imene yapezeka. Pali chinthu chimodzi chimene mphepo imaipatsa kwaulere. Mwera ukamenya phiri la m'mbali mwa nyanja umakwera m'mwamba, ndipo nkhwazi ikatambasula mapiko m'mphepo yokwerayo imayandama nthawi yaitali osakupiza n'kamodzi komwe, ikuyang'ana gombe lonse kuchokera kumwamba.

Pamchenga penipeni pamakhala mbalame zoyera za mutu wotuwa, za mlomo ndi miyendo yofiira, zimene m'mabuku zimalembedwa kuti grey-headed gull. Masiku abwino zimatsata maboti ndi kuzungulira pamadoko pamene nsomba zikutsitsidwa, koma mphepo ikakula zimasonkhana pamalo amodzi, zonse zitayang'ana mbali imodzi. Aliyense wofuna kudziwa kumene mphepo ikuchokera angoona kumene milomo ya mbalamezi yaloza. Zimatero kuti mphepo itsetsereke motsata nthenga m'malo mozitukula ndi kulowetsa chisanu, komanso kuti zikadzidzimutsidwa zingotambasula mapiko n'kunyamuka nthawi yomweyo. Zikakhala m'mwamba, palibe mbalame ya pagombe lathu imene imaziposa pogwiritsa ntchito mphepo yamphamvu. Zimapinda mapiko pang'ono, n'kumayenda chammbali motsata mzere umene mafunde akuswekera, maso ali pansi kufuna kansomba kofooka kapena chilichonse chodyedwa chimene nyanja yalavula. Kwa mbalamezi tsiku la mwera si la njala kwenikweni, chifukwa zimadya pafupifupi chilichonse.

Palinso kambalame ka mawanga akuda ndi oyera, ka mlomo wautali wakuda, kamene kamaima m'malere pamalo amodzi kakukupiza mapiko mofulumira, mutu utaloza pansi, kenaka n'kudziponya m'madzi. Kameneka ndi pied kingfisher, ndipo kamapezeka paliponse kuyambira pamlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Chembe. Mphepo yapakatikati imakathandiza, chifukwa kakayang'ana kumene mphepo ikuchokera kamaima m'mwamba mosavutikira kwambiri, ndipo popeza kamatha kumeza kansomba kakang'ono kali m'mwamba komweko, sikafunika kubwerera pamtengo nthawi iliyonse. Ndimakonda kuyang'ana mutu wake, umene umakhala duu pamalo amodzi pamene thupi lonse likukankhidwa uku ndi uku. Koma mwera ukafika pachimake nakonso kamagonja, n'kusamukira m'timagombe tobisika kuseri kwa miyala kapena kumathiriro a timitsinje, kumene madzi ali odekha. Kumeneko n'kumene munthu amapezanso akakowa ataima m'mbali mwa bango makosi atawapinda, nantchengwa akuyenda pang'onopang'ono m'madzi osaya, ndipo nthawi zina ziswankhono zikutola nkhono zimene mafunde akankhira kumtunda.

Munthu sangayang'ane mbalame pagombe la ku Mangochi popanda kuona anthu, ndipo si bwino kuyesa kutero. Tsiku la mwera ndi tsiku limene maboti a ukonde wa chilimira sanapite kunyanja, nyali za siginala zokopera nsomba usiku zili m'nyumba, mathandala oyanikapo usipa ali mbee, ndipo amayi ogula nsomba akhala m'magulu ndi mabeseni opanda kanthu. Amuna amakhala pamthunzi kusoka maukonde, maso ali kunyanja. Bambo ena achikulire amene ndimakonda kucheza nawo padoko anandiphunzitsa kuyang'ana mbalame monga momwe msodzi amaziyang'anira. Anandiuza kuti iwo akaona mbalame zoyera zija zitaunjikana pamalo amodzi pakati pa nyanja, zikutsika ndi kukwera, amadziwa kuti pamenepo usipa wayandama, ndipo akaona mphipi zikubwerera kuchilumba dzuwa likadali pamutu, zikuuluka mokwawa ndi madzi, sakhalanso ndi chikhumbo chokankha bwato. Nzeru zoterezi ndi zochokera m'kuyang'anitsitsa kwa zaka zambiri, ndipo ine ndimaziona kuti n'zoyenera kulembedwa ndi kusungidwa, chifukwa achinyamata ambiri a padoko masiku ano amadalira injini kuposa maso.

Sindifuna kuti wowerenga aganize kuti namondwe ndi chionetsero chabe. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi Boma pali chikumbutso cha sitima ya Viphya, imene inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946 mphepo itakula, ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano, osati bwato logoba. Mpaka lero nyengo ya mwera siidutsa popanda kumva za asodzi amene asowa kapena boti limene lagubuduzika, ndipo n'chifukwa chake nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza machenjezo pawailesi ndi pamafoni mphepo ikamayandikira. Amene amapitabe kunyanja atamva chenjezo sachita zimenezi chifukwa chosadziwa, koma chifukwa kunyumba ufa watha, ndipo munthu amene waima pagombe ndi magalasi ake ayenera kukumbukira zimenezi polankhula nawo. Kwa wokonda mbalame lamulo ndi losavuta. Malo ake ndi kumtunda, kutali ndi miyala yoterera imene mafunde akuikwera, ndipo asalipire mnyamata aliyense kuti amutengere pachilumba tsiku lotero, ngakhale mnyamatayo atavomera, chifukwa ndalama ndi imene ikumuvomeretsa.

Komabe mwera womwewu ndi umene umadyetsa dera lathu, ndipo mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse zimene ndalemba pano. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 pamalo ake ozama kwambiri cha kumpoto, ndipo madzi ake amakhala m'magawo, ofunda pamwamba, ozizira pansi. Zamoyo zikafa zimamira ndi kuolera pansi, choncho chonde cha m'nyanja chimaunjikana m'madzi akuya kumene kuwala sikufika, pamene madzi a pamwamba amakhala oyera koma osauka. Mwera ukawomba kwa masiku ambiri umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kummwera madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake, atanyamula chonde chija. Chikafika pamene pali dzuwa, tizomera ting'onoting'ono toyandama timachulukana, tizilombo ta m'madzi timadya tizomerato, ndipo usipa, utaka ndi nsomba zina zimapeza chakudya. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene mbali ya nyanja ya ku Mangochi, imene ilinso yosaya poyerekeza ndi kumpoto, ili ndi nsomba zambiri kuposa madera ena onse a nyanjayi, ndipo n'chifukwa chakenso mphipi zinasankha kukhala zochuluka chotero pa Boadzulu. Asodzi amadziwa kuti madzi amazizira mwera ukawomba, ndipo amadziwanso kuti mphepo ikangoleka maboti onse ayenera kuthamangira kunyanja. Mbalame nazo zimachita chimodzimodzi, moti m'mawa wotsatira mwera ndi nthawi imene nyanja imadzaza ndi mapiko.

M'dzinja zinthu zimasintha, mphepo ndi mbalame zomwe. Mpoto suchenjeza nthawi yaitali. Kumpoto kumada bii, mphepo imayamba yaleka kaye, kenaka mzere woyera wa thovu umaoneka ukubwera pamadzi, ndipo pasanapite nthawi yaitali mvula ndi mafunde zimakhala zafika. Anamzeze amatsika n'kumauluka mokwawa ndi mchenga kutsogolo kwa mvula, akutola tizilombo timene mphepo yagwetsera m'munsi. Nyengo imeneyi ndi imene timakhala ndi alendo ochokera kutali, ndipo amene ndimawayembekezera kwambiri ndi timbalame ta white-winged tern. Timaswana m'madambo a kum'mawa kwa Ulaya ndi pakati pa Asia, kenaka timathawa chisanu cha kumeneko n'kufika kuno cha m'Okutobala, ndipo timakhala nafe mpaka Epulo. Kambalame kamodzi sikakwana magalamu 100, koma kamawoloka chipululu ndi nyanja kudzafika ku Malombe ndi ku Shire. Tikamafika timakhala totuwa ndi toyera, koma m'Malichi ndi m'Epulo nthenga zimasintha, thupi limada bii mapiko n'kutsala oyera, chizindikiro chakuti ulendo wobwerera wayandikira.

Kaulukidwe ka timbalameti m'mphepo ya mpoto n'kosiyana kotheratu ndi ka mphipi. Mphipi imaboola mphepo ndi mphamvu, pamene iti timapepuka, timapendekera uku ndi uku, timatsika kutola kachilombo pamwamba pa funde n'kukweranso osanyowa. Gulu lonse limayenda pang'onopang'ono molimbana ndi mphepo likudya, ndipo likafika kumapeto kwa malo odyerawo limalola mphepo kulibweza kumene linayambira, n'kuyambanso. Chakudya chake chachikulu ndi tizilombo touluka, kuphatikizapo nkhungu, zimene zimatuluka m'madzi mwaunyinji woti munthu wosadziwa amayesa utsi wa moto pakati pa nyanja. Nkhungu zimachuluka kwambiri kumpoto ndi pakati pa nyanja, kumene anthu amazikola ndi kuziumba kukhala ndiwo, koma mphepo ya mpoto imatha kuzikankhira kuno, ndipo zikatero mbalame zodya tizilombo zimasonkhana kuchokera kulikonse. Pa mpoto chenjezo langa ndi la mphezi, chifukwa munthu woima yekha pamchenga kapena pansi pa mtengo wautali amakhala pangozi, ndipo mabingu akangoyandikira kuyang'ana mbalame kuyenera kuthera pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandipweteka mtima ndikamayenda pagombe mphepo itangotha. Choyamba ndi zidutswa za maukonde a ulusi wa pulasitiki woonekera, amene mafunde amawadula ndi kuwataya m'bango ndi m'miyala. Ulusi umenewu suola msanga, ndipo umapitiriza kukola nsomba ndi mbalame kwa nthawi yaitali popanda wopindula. Mphipi imene yakodwa pansi pa madzi imafa posakhalitsa chifukwa imapuma mpweya monga ife. Makomiti a m'madoko angathe kuchitapo kanthu posankha tsiku lotolera zidutswazi mwera ukangodutsa, popeza ndi nthawi imene zimaoneka mosavuta. Chachiwiri ndi ana a malegeni, amene amapezerapo mwayi pa mbalame zotopa zimene zabisala kuseri kwa miyala. Sindiwadzudzula mwaukali chifukwa ndikudziwa kuti m'makomo ambiri ndiwo zimakhala zasowa sabata yonseyo, koma ndimawaitana kuti adzayang'ane m'magalasi, ndipo mwana amene waona diso la mphipi lobiriwira pafupi chonchi amayamba kufunsa mafunso ambiri. Malo opumulira mbalame nawonso akuchepa. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zogona alendo zambiri m'boma lino, ndipo mchenga umene mbalame zimakhalapo pa nthawi ya mphepo unali pansi pa madzi, pamene kumtunda kwake kuli mipanda ya njerwa.

Ife a ku Malawi tilibe nyanja yamchere, ndipo mbalame zenizeni za pakati pa nyanja zikuluzikulu sitizidziwa. Ku South Africa, kufupi ndi Cape Town, anthu okonda mbalame amakaima pamapiri oloza kunyanja m'miyezi yozizira, mphepo yamkuntho ikamawomba, chifukwa ndi nthawi imene mbalame za albatross zimakankhidwira kufupi ndi mtunda. Mtundu waukulu kwambiri wa mbalamezi uli ndi mapiko opitirira mamita atatu, ndipo umayenda mitunda italiitali pongogwiritsa ntchito kusiyana kwa liwiro la mphepo pafupi ndi mafunde ndi pamwamba pake. Zoterozo sizingafike ku Nkopola. Komabe Mangochi ili pa mtunda wa makilomita mazana angapo okha kuchokera kunyanja ya Indian, ndipo anamondwe amene amachokera kumeneko, monga Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, amalowa mkati mwa dziko ndi mphamvu zoopsa. Tonse tikudziwa chisoni chimene anamondwewa anasiya m'chigawo cha kummwera, ndipo palibe munthu wanzeru amene angalakelake wina. Koma n'zodziwika kuti anamondwe otere amanyamula mbalame za kunyanja yamchere n'kukazitaya kutali m'mayiko a kummwera kwa Africa, ndipo zikatayika chotero zimafunafuna madzi aakulu amene zingawaone.

Imene imapezeka kawirikawiri m'njira imeneyi ndi sooty tern, imene imaswana pazilumba za m'nyanja ya Indian monga za ku Seychelles ndi Juan de Nova, pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ndi yaikulu kuposa timbalame tathu ta m'dzinja tija, yakuda bii kumsana ndi pamwamba pa mapiko, yoyera kumimba, ili ndi banga loyera pachipumi ndi mchira wautali wamphanda. Moyo wake wonse kunja kwa nthawi yoswana imakhala m'mwamba, ndipo nthenga zake sizipirira kukhala pamadzi, choncho imene yafika kumtunda kuno imakhala yofookeratu, nthawi zambiri itangokhala pamchenga osathawa anthu. Mbalame imeneyi ndi imene ndimaifunafuna masiku otsatira namondwe wa m'dzinja, misewu ikayamba kudutsika. Amene angaipeze pagombe lililonse kuyambira ku Makanjira mpaka ku Msaka aijambule ndi foni kuchokera kutsogolo ndi chammbali, alembe tsiku, malo ndi mphepo imene inawomba, ndipo atumize zimenezi ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi. Ngati ili yamoyo, aiike m'katoni yoboola timabowo pamalo a mthunzi, kutali ndi agalu ndi akhwangwala, ndipo asaikakamize kumwa madzi kapena kudya nsima, popeza chakudya chake ndi tinsomba tating'ono ngati usipa wauwisi.